Apongozi anu ndi Guy Lombardo, asiyeni

Mayi wina amene anakwatiwa ku Toronto wandilembera kuti usiku wa Nyuwere uliwonse apongozi ake aamuna amazimitsa nyimbo za ana n'kuika za Guy Lombardo. Akufunsa kuti munthuyu anali ndani, nanga akuluwo awauze bwanji kuti nyimbozo zimagonetsa tulo.

Achemwali, imelo yanuyi yandikhudza, chifukwa dzinali ndinalimva koyamba ndikugwira ntchito yosamalira okalamba konkuno ku Ontario, m'dziko la Canada. Shifiti ya pa 31 Disembala imakonda kugwera ife obwera, poti amati tilibe abale oti tikasangalale nawo. Panali agogo ena aakazi amene anali ataiwala ngakhale mayina a ana awo. Usiku umenewo anakanitsitsa kukagona, ati akudikira Guy. Ine ndinkayesa akunena malemu amuna awo. Mnzanga wina ndiye anamvetsa, n'kuwaikira nyimboyo pa foni. Malipenga atangolira, agogo aja anadzuka pampando, n'kundigwira mkono, n'kuimba mawu onse osaphonya ndi limodzi lomwe. Kutacha sanandizindikire, anandifunsa kuti ndine mwana wa yani. Ndinalira m'basi pobwerera kunyumba, ndipo kuyambira pamenepo munthu akamanyoza nyimbozi sindikhala chete.

Guy Lombardo anabadwa mu 1902 ku London, osati ya ku England koma ya ku Ontario konkuno. Makolo ake anachokera ku Italy, bambo ake anali telala. Iye ankaimba vayolini, ndipo anayambitsa bandi ndi abale ake Carmen ndi Lebert, kenako Victor analowanso. Atawolokera ku Cleveland, ku America, bandiyo inatchedwa Royal Canadians. Mu 1929 anapeza malo pa hotela ya Roosevelt ku New York, ndipo chaka chomwecho anaimba usiku wa Nyuwere zikuulutsidwa pa wailesi. Tangoganizani, wailesi ya CBS inkamuulutsa mpaka pakati pa usiku, ikakwana 12 koloko ya NBC n'kumulandira. Kuyambira 1956 anthu anayamba kumuonera pa TV, kenako mwambowo unasamukira ku hotela ya Waldorf-Astoria. Anaimba komaliza polowa mu 1977, n'kumwalira mu Novembala chaka chomwecho. Zaka pafupifupi 50! Ndiye kuti apongozi anuwo anabadwa n'kupeza makolo awo akulowa chaka ndi bambo ameneyu.

Nyimbo imene ankatsekera nayo chaka, Auld Lang Syne, si yake. Ndi ya ku Scotland, ndipo mawu ake anawalemba papepala ndi mlakatuli Robert Burns mu 1788. Dera limene Lombardo anakulira kunadzaza anthu ochokera ku Scotland, ndipo dansi ikamatha ankatsekera ndi nyimbo imeneyi. Mtundu womwewo umene unatisiyira dzina la Blantyre ndi umene unam'patsa nyimbo yodyera moyo wake wonse.

Tsono zoti zimagonetsa tulo, simuli nokha. Akatswiri a jazi a nthawi imeneyo ankamuseka kuti nyimbo zake n'zotsekemera mopitirira, ngati tiyi wothira shuga masupuni asanu. Ine ndikuti ankalakwitsa, ndipo inunso mukulakwitsa. Louis Armstrong, woimba lipenga wotchuka wa ku America, amene palibe angatsutse kuti jazi ankaidziwa, ankanena poyera kuti amaikonda bandi imeneyi. Lombardo sankaimba kuti anthu amugomere. Ankaimba kuti bambo wosadziwa kuvina athe kugwira mkazi wake m'chiuno osam'ponda phazi, nyimbo n'kumaimva bwinobwino mpaka kumapeto. Imeneyo ndi ntchito, ndipo oimba ambiri odzitama sangaithe. Chimandinyansa n'chakuti ife tikamamvera nyimbo za makolo athu timati n'chikhalidwe, koma za makolo a anzathu timati n'zotopetsa.

Zimene ambiri sadziwa

Bambo wa nyimbo zofatsayu ankakonda liwiro koopsa. Ankapikisana pa maboti a injini, ndipo mu 1946 anapambana chikho cha Gold Cup ndi boti lake lotchedwa Tempo VI. Nkhani imeneyi mukawayambira apongozi anu mudzaona nkhope yawo ikuwala.

Ndipo mkangano wa m'nyumba mwanuwo si wa lero. Mu 1972 muulutsi wina wa ku America, Dick Clark, anayambitsa pulogalamu yake ya Nyuwere pa TV n'cholinga chokopa achinyamata amene anali atatopa ndi Lombardo. Achinyamata aja lero ndi agogo. Koma pa bwalo la Times Square ku New York, chimpira chimene amatsitsa polowa chaka chatsopano chikangofika pansi, Auld Lang Syne imene imalira ndi ya Royal Canadians yomweyo.

Za mmene mungawauzire, musawauze. Mtengwa salamula apongozi za nyimbo, kaya ku Dedza kaya ku Toronto. Amuna anu ndiwo akambirane ndi bambo awo masana, kusanade: theka la ola isanakwane 12 koloko ndi la akuluwo, ikapitirira ana abwezeretse zawo. Inu ntchito yanu ndi kuwafunsa kuti nyimboyo anavina koyamba ndi yani, ndipo mukhale pansi chifukwa yankho lake litenga nthawi.