Sitolo Yatsekeka Kapena Yatsekedwa? Mafunso a Owerenga pa Mawu Okamba za Kusintha kwa Dera la mu Mzinda

Makalata ambiri amene ndalandira mwezi uno akukhudza mawu amene tingagwiritse ntchito pofotokoza dera la mu mzinda limene likusintha maonekedwe, kumene masitolo akale akutsekedwa, malo odyera atsopano akutsegulidwa, ndipo nyumba zimene anthu anazizolowera zikugumulidwa kuti pamangidwe zina zazitali. Ndasankhapo ena mwa mafunsowo, ndipo ndawafupikitsa pang'ono.

Funso loyamba lachokera kwa wowerenga amene amalemba kalata ya uthenga ya bungwe la anthu okhala m'dera lawo. Iye akuti: "Ndinalemba kuti sitolo ya mabuku ya pakona yatsekeka, koma mnzanga anandiuza kuti ndikanalemba kuti yatsekedwa. Kodi pali kusiyana?"

Kusiyana kulipo, ndipo mnzanuyo anakuthandizani. Mneni "tseka" akalandira msintho wochitidwa amakhala "tsekedwa", ndipo akalandira msintho wochitika amakhala "tsekeka". Tikati sitolo yatsekedwa, womva amadziwa kuti pali munthu amene wachita zimenezo ngakhale sitinamutchule, ndipo tikafuna kumutchula timangowonjezera kuti "yatsekedwa ndi mwini wake" kapena "yatsekedwa ndi khonsolo ya mzinda". Tikati yatsekeka, chiganizo sichisiya mpata wa munthu woteroyo, ndipo palibe wolankhula Chichewa amene anganene kuti "sitolo yatsekeka ndi mwini wake" osamva kuti lilime lakhumudwa penapake. Chitseko chimatsekeka ndi mphepo chifukwa mphepo ilibe cholinga. Msintho womwewo umanenanso za kutheka kwa chinthu, monga tikati "chitseko ichi sichitsekeka", kutanthauza kuti chinafufuma kapena chinapindika moti sichilowanso bwino m'malo mwake.

Ndichedwepo pa mfundo imeneyi chifukwa ndi yomwe ndimaona kuti olemba nkhani za kusintha kwa madera amaiphonya kawirikawiri. Tiyerekeze telala amene wakhala akusoka m'kachipinda kamodzi kwa zaka 20, makina ake ali pafupi ndi zenera kuti aziona ulusi bwino. Nyumbayo yagulidwa ndi munthu wina, ndipo telala walandira kalata yomuuza kuti kuyambira mwezi wa mawa azilipira kuwirikiza kawiri. Iye wamanga katundu, wachoka. Mlembi mmodzi alemba kuti "lendi yakwera ndipo telala wasamuka". Mlembi wina alemba kuti "mwini nyumba wakweza lendi ndipo telala wasamutsidwa". Ziganizo zonse ziwiri ndi Chichewa chosalakwika, koma choyambacho chikuonetsa lendi ngati madzi a mumtsinje amene amakwera okha mvula ikagwa, ndiponso telala ngati munthu amene wangoganiza zokayesa kwina. Chachiwiricho chikuonetsa dzanja limene lalemba kalata ija. Aneni "kwera" ndi "samuka" safuna wochititsa, pamene "kweza" ndi "samutsa" ali mu msintho wochititsa, motero amatikakamiza kudzifunsa kuti wakweza ndani, wasamutsa ndani. Ine sindikuti mlembi azisankha chachiwiricho nthawi zonse, pakuti alipo amalonda amene amasamuka mwa kufuna kwawo atapeza malo abwino koposa. Chimene ndikupempha n'chakuti asankhe akudziwa zimene mneniyo akubisa kapena kuulula. M'kalata yanuyo, ngati mwini sitolo ya mabuku ndiye anaika loko pakhomo, lembani kuti yatsekedwa, kapena mosapita m'mbali kuti "mwini wake waitseka".

Wowerenga wachiwiri akufunsa ngati "kugumula", "kugwetsa" ndi "kuphwasula" ndi mawu ofanana pokamba za nyumba zakale.

Amayandikana, koma aliyense ali ndi chithunzi chake. Kugumula kumayenera khoma la njerwa kapena la konkire, limene limachoka zibenthuzibenthu likamenyedwa. Kugwetsa kumangonena kuti chinthu chimene chinali chiriri tsopano chili pansi, ndipo n'chifukwa chake timagwetsa nyumba, mtengo ngakhale munthu. Kuphwasula kumanena za kuchotsa chinthu chidutswachidutswa, monga shedi ya matabwa ndi malata imene munthu akuzula misomali yake kuti zipangizozo akazigwiritsenso ntchito kwina. Denga lokha likachotsedwa timati lasasulidwa, ndipo likachoka ndi mphepo timati lasasuka. Apanso pali awiriawiri aja, "gumula" ndi "gumuka", "phwasula" ndi "phwasuka". Wina akamalemba za mzinda wa Paris, kumene mkulu wa boma woyang'anira mzindawo, Georges-Eugène Haussmann, molamulidwa ndi Napoleon III, mfumu ya dziko la France, anang'amba misewu ikuluikulu pakati pa madera akale othithikana kuyambira mu 1853 mpaka mu 1870, sangalembe kuti nyumba za kumeneko zinagumuka, ngati kuti kunachitika chivomezi. Zinagumulidwa, ndipo amene analamula tikuwadziwa mayina.

Mmisiri wina wolemba zikwangwani za mabizinesi watumiza funso ili: "Kasitomala wina anafuna ndimulembere kuti Malo Odya, wina Malo Wodyera, winanso Malo Odyera. Cholondola n'chiti? Utoto ukauma sindingafufutenso."

Cholondola ndi "Malo Odyera", ndipo pali zifukwa ziwiri. Choyamba chikukhudza lembo loyambirira. Mawu ngati "odyera", "wogulitsa" ndi "yosokera" amabadwa pamene mgwirizanitsi wa dzina wakumana ndi "ku" wa mneni, n'kufupikitsidwa. "Munthu wa kugulitsa" amasanduka "munthu wogulitsa", "anthu a kugulitsa" amasanduka "anthu ogulitsa", ndipo "sitolo ya kugulitsa" imasanduka "sitolo yogulitsa". Dzina lakuti "malo" limatenga mgwirizanitsi "a", monga tikati "malo anga" kapena "malo abwino", motero "malo a kudyera" amakhala "malo odyera" popanda w. Amene amalemba "malo wodyera" akanayenera kunenanso "malo wanga", chimene palibe amene amanena. Cholakwa chotembenuka, cholemba "munthu ogulitsa" ponena za munthu mmodzi, chafala kwambiri pa intaneti chifukwa polankhula w ameneyu samveka kwenikweni.

Chifukwa chachiwiri chili kumapeto kwa mneni. Kaphatikizo ka "-er-" kapena "-ir-" ndi kamene kamasonyeza kuti ntchito ikuchitikira pamalopo. "Malo odya" angakhale malo amene iwo eni akudya kanthu, ndipo sindikhulupirira kuti kasitomala wanuyo akufuna kuopseza anthu odutsa. Momwemonso "sitolo yogulitsa nsapato" ndi Chichewa chabwino chifukwa timaiona sitolo ngati wogulitsa, koma tikayamba ndi dzina lakuti "malo" timati "malo ogulitsira nsapato". Kusankha pakati pa "-ir-" ndi "-er-" kumatsatira lembo laliwu la m'tsinde la mneni: likakhala a, i kapena u timaika "-ir-", monga "chapira", "phikira" ndi "gulira", ndipo likakhala e kapena o timaika "-er-", monga "metera" ndi "konzera". Aneni a phatikizo limodzi, monga "dya", "mwa" ndi "gwa", amatenga "-er-", ndiye gwero la "dyera" ndi "mwera". Aneni afupiafupi omwewa ndi amene amasunga "ku" wawo m'mawu okhazikika ngati "chakudya", "chakumwa" ndi "wakuba". Pachikwangwani chimodzi mungathe kulemba "Malo Odyera" pamwamba ndi "Zakudya ndi Zakumwa" pansi pake, zonse zili zolondola.

Wophunzira wina akufuna kudziwa kalembedwe koyenera pakati pa "lesitilanti", "lesitiranti" ndi "resitoranti", komanso kuchulukitsa kwa mawu ngati "sitolo" ndi "golosale".

Malamulo a kalembedwe ka Chichewa, amene bungwe la Chichewa Board linatulutsa mu 1973 n'kudzawakonzanso mu 1980 ndi mu 1990, amati r alembedwe pambuyo pa i ndi e, ndipo l alembedwe kwina konse, kuphatikizapo kumayambiriro kwa liwu. Lamulo limeneli ndi limene limatipatsa "sitolo", "golosale" ndi "lendi", ngakhale mawu a Chingerezi amene tinabwerekako ali ndi r. Tikalitsata mpaka kumapeto, tiyenera kulemba "lesitiranti", ngakhale kuti "lesitilanti" ndi amene amaoneka kwambiri m'zolemba za anthu. M'mayeso tsatani lamulo. Liwuli Angerezi nawonso anachita kubwereka ku Chifalansa, kumene limachokera ku mneni wotanthauza kubwezeretsa mphamvu. Pa nkhani yochulukitsa, mawu obwerekawa ali ndi khalidwe lachilendo pang'ono, chifukwa akakhala amodzi amagwirizana ngati "nyumba", monga "sitolo yatsopano" ndi "golosale yathu", koma akachuluka amalandira "ma-" n'kugwirizana ngati "makasu", monga "masitolo atsopano" ndi "magolosale athu". Cholakwa chimene ndimachiona ndi chosakaniza ziwirizi, monga "masitolo zatsopano".

Funso lina ndi lalifupi: "Kodi 'amanganso sitolo' akutanthauza kuti aimanga kachiwiri, kapena kuti awonjezera sitolo pa zina zimene amanga?"

Akutanthauza zonse ziwiri, chifukwa "-nso" amanyamula kubwereza ndi kuwonjezera komwe. Polankhula, zimene zanenedwa kale zimathandiza womva. Polemba, ngati pali poti wowerenga angasokonezeke, nenani kuti "aimanga kachiwiri" kapena "aimanga mwatsopano" pa tanthauzo loyamba, ndipo "kuwonjezera apo amanga sitolo" pa lachiwiri. Zindikiraninso kuti "kukonzanso" nyumba kumasiya makoma ali chiimire, pamene "kumanganso" kumatanthauza kuti yakaleyo inayamba yagwa kapena kugwetsedwa.

Mayi wina wachikulire walemba kuti mdzukulu wake anamulondolera njira ponena kuti "mukafike mmene munali banki", koma atafika anapeza bwalo loimikapo magalimoto, ndipo akufunsa ngati mwanayo analankhula bwino.

Mayi, mdzukulu wanuyo analakwitsa pang'ono, ndipo khutu lanu silinakunamizeni. "Mu" amafuna chinthu chokhala ndi mkati, motero "mmene munali banki" amayenera pamene nyumbayo idakalipo koma mwalowa bizinesi ina, monga tikati "mmene munali banki tsopano muli sitolo ya mafoni". Nyumba ikagumulidwa mkati mwake mumatha, pamatsala malo chabe, ndipo tiyenera kunena kuti "pamene panali banki tsopano pali bwalo la magalimoto". "Kumene kunali banki" amaloza chigawo chonsecho kuchokera patali. Ndi timaphatikizo titatu timeneti munthu angadziwe ngati nyumba ilipobe asanafike n'komwe.

Funso lomaliza lachokera kwa womasulira amene wapatsidwa lipoti la Chingerezi lokhala ndi liwu lakuti gentrification, ndipo akufunsa ngati angalimasulire kuti "chitukuko cha dera".

Ndikukulangizani kuti musatero. Liwu limeneli analiyambitsa Ruth Glass, katswiri wa za chikhalidwe cha anthu, mu 1964, pofotokoza zimene ankaona mu London, kumene anthu opeza bwino ankagula nyumba zakutha m'madera a anthu ogwira ntchito zamanja, n'kuzikonza, mpaka mitengo ya nyumba ndi lendi zinafika poti eni dera akale sakanakwanitsa kukhalamo. Muzu wake ndi liwu la Chingerezi lonena za anthu apamwamba okhala ndi malo, ndipo m'liwuli muli kachipongwe pang'ono. Tsono "chitukuko" chimachokera ku mneni "tukuka", mnzake wa "tukula", amene tanthauzo lake loyamba ndi kunyamula chinthu m'mwamba. Ndi liwu loyamikira, ndipo womva akangolimva amaganiza kuti onse okhala m'deralo akwera limodzi. Mukaika "chitukuko" pamene lipoti likukamba za anthu ochotsedwa m'dera lawo chifukwa cha kukwera mtengo kwa nyumba, mwatembenuza maganizo a mlembi.

Chichewa chilibe liwu limodzi lokhazikika la zimenezi, ndipo sindiona chifukwa chopekera liwu lachilendo limene wowerenga adzafunikanso kulimasuliridwa. Pamene liwulo laonekera koyamba m'lipoti, lifotokozeni mokwanira, mwachitsanzo "kulowerera kwa anthu opeza bwino m'dera la anthu opeza movutikira, kumene kumakweza mitengo ya nyumba mpaka eni dera akale kuchoka". Pambuyo pake mungafupikitse n'kumati "kulowerera kwa opeza bwino" kapena "kusintha kumeneku". Ndasankha "kulowerera" osati "kulowa" chifukwa "kulowerera" kumamveka kuti wolowayo wafika pamene panali kale ena ndipo akupitirira mpaka mkati. Ngati mlembi wa lipotilo ndi waukali ndipo akuonetsa poyera kuti akudzudzula, mungagwiritse ntchito "kukankhidwira kunja kwa anthu osauka", koma ngati akungofotokoza mosatenga mbali, mawu amenewo angamuike m'kamwa zimene sananene. Liwu lakuti "chitukuko" lisungireni ndime zimene lipotilo likukamba za misewu, mipope ya madzi ndi magetsi a mumsewu, ndipo pamene likukamba za nyumba zogumulidwa kuti pamangidwe zina, "kumanga dera mwatsopano" kukukwanirani.