Yankho kwa achemwali a ku Khombedza: atha masiku 13, ali bwino, koma PCR ikuti kachilombo kalipobe

Achemwali, funso lanu ndaliwerenga kawiri. Kwa amene sanalione, akuti bambo akunyumba anabwera kuchokera ku Lilongwe ndi chimfine, atayezetsa anapezeka ndi COVID-19. Lero ndi tsiku la 13 chiyambireni kutsokomola, ali bwinobwino mpaka ayambanso kupita kudimba, koma PCR, kuyeza kwa makina a mu labu kuja, imene akuntchito anawauza kuti akayezetsenso ikuonetsabe kachilombo. Ndiye akufunsa ngati viral load yawo, kutanthauza kuchuluka kwa kachilombo m'thupi, yakana kutsika monga zimakhalira ndi HIV, komanso ngati apongozi awo odwala shuga, omwe anawapititsa kwa alamu awo ku Kamuzu Road, angabwerere pakhomo. Ine ndinali mu labu pamene matendawa anafika povuta, ndapisa kathonje m'mphuno za anthu osawerengeka, choncho mundilole nditalikitseko.

Tiyambe tachotsa mantha a HIV aja. Kuno kwathu mawu oti viral load tinawaphunzirira ku kiliniki ya ma ARV, n'chifukwa chake mtima umagunda tikangowamva. Koma HIV timaiyeza m'magazi, ndipo ikalowa m'thupi sichoka, mankhwala amangoipanikiza. Kachilombo ka korona kamaswana m'njira ya mpweya, m'mphuno, pakhosi, nthawi zina m'mapapo, ndipo mwa anthu ambiri chitetezo cha m'thupi chimakagonjetsa pa masabata owerengeka.

Mukudziwa mmene mtsinje wa Linthipe umachitira mvula ikagwa kumtunda ku Dedza. Madzulo madzi ali m'mawondo, kukacha wasefukira m'minda, kenaka umatenga masiku ambiri kuti uphwe. Kachilomboka kamayendanso chimodzimodzi. Tsiku loyamba ndi lachiwiri munthu atakatenga, kamakhala kochepa kwambiri moti ngakhale makina sakaona. Kenaka kamachulukana mwaliwiro, ndipo kamafika pachimake chapafupi ndi nthawi imene zizindikiro zikuyamba: tsiku limodzi kapena awiri munthu asanamve chilichonse, mpaka masiku asanu oyamba akudwala. Mtundu umene unafika kuno mu Epulo 2020 unkatenga pafupifupi masiku asanu kuti munthu ayambe kudwala. Omicron, imene inalengezedwa ku South Africa mu Novembala 2021, imangotenga masiku atatu kapena kuposerapo pang'ono. Amene anabayitsa katemera kapena anadwalapo kale, thupi limazindikira mdani msanga, ndiye kuyetsemula kumayamba kachilombo kasanafike pachimake, ndipo kamatsikanso mofulumirirapo.

Apa ndi pamene matendawa anatipezerera. Mu 2002 ndi 2003 kunabuka SARS ku China, wachibale wa kachilombo komweka. Kameneko kankafika pachimake cha pa tsiku la 10, munthu ali kale pabedi kuchipatala, ndiye kungopatula odwala kunakwanira, mliri unatha utagwira anthu pafupifupi 8,000 dziko lonse. MERS, wachibale winanso, imene inapezeka ku Saudi Arabia mu 2012, nayonso imachuluka mochedwa. COVID-19 ndiye ayi. Tsiku limene munthu ali ndi kachilombo kochuluka kwambiri pakhosi ndi tsiku limene akungoti ndi kachimfine ka mwera, wakwera minibasi ya ku Nkhotakota mawindo ali otseka chifukwa cha mphepo, wagona m'siwa usiku wonse akuimba, wapatsa moni aliyense kutchalitchi. Zinkandipweteka mtima kuona abale akuthawa munthu pa sabata yachiwiri, kumuikira nsima pakhomo ngati wakhate, pamene sabata yathayo anadya naye mbale imodzi.

Tsopano za PCR ya bambowo. Makina a PCR sayang'ana ngati kachilombo kali moyo. Amafunafuna tizidutswa ta chibadwa chake, RNA, n'kumatichulukitsa kawirikawiri mpaka tioneke. Pitani ku Senga Bay chakumasana asodzi atachoka, mupeza mamba ali mbwee pamchenga, koma palibe nsomba yoti mukaphike. Mamba amenewo ndi amene PCR ikutola m'mphuno mwa amuna anu. Akatswiri atayesa kumeretsa kachilombo kamoyo kuchokera m'mamina a anthu odwala pang'ono, kupitirira tsiku la 9 kapena la 10 sikankamera, pamene PCR imatha kuonetsabe kwa masabata awiri kapena atatu, mwa ena mpaka miyezi iwiri n'kupitirira. N'chifukwa chake bungwe la WHO, pakati pa chaka cha 2020, linasiya kunena kuti munthu adikire PCR iwiri yosapeza kanthu asanatuluke m'bindikiro. M'malo mwake linati awerenge masiku 10 kuchokera pamene anayamba kudwala, n'kuonjezerapo masiku ena atatu opanda zizindikiro. Akuntchito amene akufunabe PCR yoyera akuwazunza chabe bambowo, ndipo ndi bwino akapemphe kalata kwa adokotala amene anawaona.

Ngati pepala la zotsatira lili ndi nambala yolembedwa Ct, iyang'aneni. Imeneyo ndi maulendo amene makina anazungulira asanaone kachilombo, ndipo imawerengedwa chagada: ikakhala yaing'ono, kachilombo n'kochuluka. Ulendo uliwonse umachulukitsa kawiri, choncho Ct ya 20 ndi ya 30 zikusiyana pafupifupi ka 1,000. Munthu wa tsiku lachiwiri ndinkamuona ali pa 18 kapena 20, yemweyo akabweranso patatha masabata awiri ali kupitirira 30. Komabe musaikhulupirire mopitirira, chifukwa zimadaliranso mmene kathonje kanalowera. Munthu akamabweza mutu kumbuyo misozi ili chuchuchu, woyeza n'kumumvera chisoni osafikitsa mkati, nambala imakwera popanda chifukwa.

Kachipangizo koyezera pompopompo kaja, ka mizere iwiri ngati ka malungo, kamagwira ntchito mosiyana. Kamafuna kachilombo kochuluka ndithu kuti mzere wachiwiri utuluke. Ndiye kali ndi ubwino wake: pa tsiku la 13 kakapanda kuonetsa kanthu, n'chizindikiro chabwino kuti bambo sakupatsiranso. Kuipa kwake n'koti kukayezetsa mawa lake mutangokhudzana ndi wodwala n'kutaya nthawi, mtsinje usanadzaze. Dikirani masiku angapo, ndipo kakakana koma mukumva chimfine, mubwerezenso patatha masiku awiri.

Pali china chimene sindingachisiye, ngakhale simunachifunse, chifukwa ena owerenga ali ndi wodwala pakhomo panopa. Kutsika kwa kachilombo sikutanthauza kuti ngozi yatha kwa wodwalayo. Amene amadwala kwambiri, ambiri amayamba kubanika cha pa tsiku la 7 mpaka la 10, pamene kachilombo kayamba kale kuchepa m'mphuno. Chimene chikuwapweteka nthawi imeneyo ndi chitetezo chawo chomwe, chimene chapsa mtima mopitirira n'kutupitsa mapapo. Ndinaona bambo wina, mphunzitsi, amene pa tsiku lachisanu ndi chimodzi anati wachira ndipo anachapa njinga yake, koma patangopita masiku atatu anafika kuchipatala sakutha kumaliza chiganizo osapumira. Anachira, koma anagona pa okosijeni nthawi yaitali. Tonse tikukumbuka Januwale 2021, pamene nduna ziwiri za boma zinamwalira tsiku limodzi. Wodwala akayamba kupuma mothamanga, kumva kupanikizika pachifuwa, kusokonezeka mutu, kapena kulephera kuyenda kuchoka kuchipinda kufika pakhonde, musadikire kuti kuche. Makamaka okalamba, a shuga, a BP ndi onenepa kwambiri.

Mankhwala nawonso amatsata nthawi yomweyi. Olimbana ndi kachilombo kenikeniko, monga Paxlovid, amathandiza akayambidwa m'masiku asanu oyamba. Dexamethasone, amene kafukufuku wa RECOVERY ku Britain anasonyeza mu Juni 2020 kuti amapulumutsa miyoyo, ndi wa anthu amene afika pofunika okosijeni, chifukwa ntchito yake ndi kuziziritsa chitetezo chija. Kumugula nokha pa tsiku lachiwiri n'kumanga manja asilikali nkhondo ili mkati. Amoxicillin amene timathamangira kugolosale sachita kanthu pa kachilombo aka.

Alipo anthu amene masiku 10 aja sawakwanira. Amene anadwala mpaka kugonekedwa pa okosijeni akhoza kukhala ndi kachilombo kamoyo mpaka masiku 20. Amene chitetezo chawo chinatsika kwambiri, monga olandira mankhwala a khansa kapena amene ali ndi HIV koma anasiya ma ARV, kakhoza kuswanabe kwa miyezi. Ku South Africa madokotala anatsatira mayi wina wotere amene anakhala nako kupitirira miyezi isanu ndi iwiri, ndipo kanatha ma ARV ake atayamba kugwira bwino ntchito. Amene akumwa mankhwala mokhulupirika ndipo viral load yake ya HIV ndi yotsika, nkhani yake siisiyana kwambiri ndi ya wina aliyense. Sindikufunsa za m'nyumba mwanu pagulu pano, mukudziwa nokha ngati ndime iyi ikukukhudzani, ndipo ngati ikutero kakambiraneni ndi adokotala.

Za apongozi: ngati bambo analibe vuto la chitetezo, thupi linasiya kutentha ndipo atha masiku atatu ali bwino, bambowo sakundidetsa nkhawa. Kachifuwa kouma ndi kufooka zimatha kutsalira masabata angapo popanda kupatsira wina. Amene ndikuwaganizira ndinuyo ndi ana. Ngati mmodzi wa inu anakatenga kwa bambo pa tsiku lawo lachisanu kapena lachisanu ndi chimodzi, ndiye kuti panopa akhoza kukhala pachimake, mwinanso osamva kalikonse, makamaka ana. Tayang'anani pakhomopo: alipo amene wayamba mamina, kukanda pakhosi, kuphwanya m'thupi? Ngati alipo, masiku 10 ayambe kuwerengedwa kuchokera pa iyeyo. Ngati palibe, kayezetseni nonse ndi kachipangizo ka pompopompo, mubwereze patatha masiku awiri, ndipo zikakhala bwino apongozi abwere. Masiku oyambirira azigona chipinda chaokha, mawindo azikhala otsekula ngakhale mwera ukuwomba, ndipo zidzukulu zicheze nawo panja pamkeka.