Amuna anga amathira adoçante mu khofi kanayi patsiku, ndiwaletse?

FUNSO: Ndimakhala ku Setúbal m'dziko la Portugal, komwe ndinakwatiwa. Amuna anga ali ndi zaka 58 ndipo adokotala anawauza kuti shuga wawo wayamba kukwera, ngakhale sanafike poti akudwala matenda a shuga. Chiyambire pamenepo anasiya shuga. Mu khofi amathira timapaketi tolembedwa adoçante (zotsekemera zolowa m'malo mwa shuga), kanayi patsiku, ndipo pa nkhomaliro amamwa chitini chimodzi kapena ziwiri za chakumwa cha "zero". Alamu anga akuti zimenezi zimayambitsa khansa. Ndiwaletse? Mayi wa ku Setúbal

YANKHO: Mayi, mtima ukhale m'malo. Alamu anuwo nkhani anaimva, koma anaimva theka. Mu Julayi 2023, IARC, nthambi ya WHO yofufuza za khansa yomwe ili ku Lyon m'dziko la France, inaika aspartame, chimodzi mwa zotsekemera zimenezi, m'gulu 2B, la zinthu zomwe mwina zingayambitse khansa koma umboni wake ndi wochepa. Pa nthawi yomweyo komiti ya JECFA, ya akatswiri a WHO ndi FAO oona za zinthu zothira m'zakudya, inati mlingo wake wovomerezeka usasinthe: mamiligalamu 40 pa kilogalamu iliyonse ya kulemera kwa munthu, patsiku. Kuti munthu wa makilogalamu 70 apyole mlingowo, ayenera kumwa zitini zoposa 9 mpaka 14 tsiku lililonse. EFSA, bungwe loona za chitetezo cha zakudya ku Ulaya, linatsimikiza mlingo womwewo mu 2013. Zitini ziwiri za bambowo zili kutali ndi pamenepo.

Komanso si kapaketi kalikonse kali ndi aspartame. Tembenuzani muwerenge kumbuyo, pomwe alemba edulcorantes, kutanthauza zotsekemera. E951 ndiye aspartame, E950 ndi acesulfame K, E952 ndi cyclamate, E954 ndi saccharin, E955 ndi sucralose, E960 amachokera ku chomera cha stevia. Nthawi zambiri amasakaniza ziwiri kapena zitatu kuti kakomedwe kasawawe kumapeto.

Chinthu china chomwe ambiri kumeneko sachizindikira: mu Febuluwale 2017 boma la Portugal linayamba kudula msonkho pa zakumwa zotsekemera, ndipo chakumwa cha shuga wambiri chimalipira wokwera. Makampani ambiri anachepetsa shuga, ena n'kuonjezera zotsekemera zimenezi kuti kukoma kusathe. Ndiye ngakhale botolo losalembedwa "zero" likhoza kukhala nazo. Mudzaona mawu oti "com açúcar e edulcorantes" (muli shuga ndi zotsekemera) pafupi ndi dzina la chakumwacho.

Tsopano pomwe ine pakundidetsa nkhawa si pa khansa ayi. Mu Meyi 2023 WHO inalangiza kuti anthu asamadalire zotsekemerazi pofuna kuchepetsa thupi, chifukwa pakapita zaka phindu lake silioneka. Langizolo silikhudza omwe akudwala kale shuga, koma bambo anuwo sanafike pamenepo, choncho likuwakhudza. Vuto lake ndi la lilime. Munthu akamathira kapaketi kanayi patsiku, lilime limakhalabe likufuna kutsekemera, ndipo mtima umamuuza kuti poti khofi alibe shuga, pastel de nata mmodzi, kakeke kotsekemera ka Chipwitikizi, pambali pa kapu sangavute. Shuga yemwe wamukana m'kapu uja amabwerera kudzera pa mbale. Ndikupempheni muyang'anitsitse zomwe amadya limodzi ndi khofiyo, ndi kuchuluka kwa buledi, mpunga ndi mbatata pa nkhomaliro, chifukwa zimenezo ndizo zimakweza shuga m'magazi.

Musawalande timapaketito, mungoyambana pachabe. Kambiranani kuti ayambe kuthira theka kwa milungu iwiri kapena itatu, kenako bica ya m'mawa, khofi wamphamvu wa espresso, aziimwa yopanda kanthu. Ndi kakapu kakang'ono, azolowera msanga kuposa momwe akuganizira. Pa nkhomaliro madzi alowe m'malo mwa chitini chimodzi, kaya madzi a gasi ofinyiramo ndimu ngati akufuna kumva kuthetheka pakhosi.

Ngati amatafuna chingamu kapena maswiti olembedwa "sem açúcar" (opanda shuga) ndipo m'mimba mumawavuta, onani ngati muli sorbitol kapena maltitol. Zimenezo zikachuluka zimatsegula m'mimba.

Akamapita ku centro de saúde (chipatala chaching'ono) kwa dokotala wa banja lanu, pitani nawo, mufunse zotsatira za HbA1c, kuyeza magazi koonetsa momwe shuga wakhala akukhalira miyezi iwiri kapena itatu yapitayo, ndi tsiku lodzayezanso.