Sin 3x kuchulukitsa ndi cos 5x: bwanji mukudzivutitsa chonchi?

Wina wanditumizira imelo kuti ∫ sin 3x cos 5x dx yamulemetsa mutu. Akuti akachita integration by parts kawiri, akungopezeka wabwerera pomwe anayambira.

Funso lanuli landikhudza, chifukwa ifenso tinaphunzitsidwa motero: ukangoona zinthu ziwiri zochulukitsana, thamangira by parts basi. Aphunzitsi athu analemba ma identity a trigonometry pabolodi, n'kutiuza kuti tiloweze, osawatchulanso mpaka mayeso. Tinkawaimba ngati nyimbo, koma ntchito yake palibe ankaidziwa. Mnzanga wina anadana nawo masamu kuyambira pamenepo, chikhalirecho mutu wake unali wakuthwa kuposa wanga.

Ndinene mosabisa: vuto lanu si calculus, ndi trigonometry imene munaisiya m'mbuyo. By parts imatheka ndithu, integral yobwererayo mumaisamutsira mbali inayo n'kugawa, koma ndi njira yozungulira, ndipo minus mmodzi akasochera zonse zawonongeka. Kuphunzitsa ana by parts pa funso lotere, kwa ine, ndi ulesi wa mphunzitsi.

Chimene chimandipweteka kwambiri n'chakuti ma formula a trigonometry osandutsa kuchulukitsa kukhala kuphatikiza, omwe funso lanu likufuna, ali ndi mbiri yokoma. Napier asanatulutse ma logarithm mu 1614, akatswiri a zakuthambo, monga ogwira ntchito ndi Tycho Brahe, ankawagwiritsa ntchito kuti kuchulukitsa manambala akuluakulu kusanduke kuphatikiza. Ndiye Fourier, mu 1822, polemba za kayendedwe ka kutentha, anadalira mfundo yakuti integral ya sin mx sin nx kuchokera pa −π mpaka π ndi 0 ngati manambala athunthu m ndi n, oposa 0, ali osiyana. Zonsezi m'kalasi sitinazimve n'kamodzi komwe.

Ndiye yankho lake

Sandutsani kuchulukitsako kukhala kuphatikiza: sin A cos B = ½[sin(A+B) + sin(A−B)]. Zanuzo zikhala ½[sin 8x − sin 2x], pakuti sin(−2x) ndi −sin 2x. Yankho: −cos 8x/16 + cos 2x/4 + C. Ngati ngodya ili imodzi, monga sin³x cos²x, patulani sin x mmodzi, sin²x yotsalayo ikhale 1 − cos²x, kenako u = cos x. Ma power a sin x ndi cos x onse akakhala a even, gwiritsani sin²x = (1 − cos 2x)/2 ndi cos²x = (1 + cos 2x)/2.