Mphwanuyo asasaine pepalalo momwe lilili

Achimwene, mwafunsa za kontrakiti ya MMA (masewero omenyana m'keji osakaniza nkhonya, mateche ndi kulimbana) imene pulomota, wokonza ndewu, wapatsa mphwanu. Mphwanuyo asasaine kontrakiti imeneyo momwe ilili, ngakhale pulomotayo akuti ndewu ndi ya mwezi wamawa ndiye nthawi yatha. Ndewu zinayi, osaloledwa kukamenya kwina kulikonse, tsiku lothera palibe? Ndangowerenga zimenezo mtima wanga wayamba kuwira, chifukwa pepala lotere ndi limene linandichotsa ine mu MMA kuno ku Johannesburg.

Nthawi imeneyo ndinkagwira ntchito ya ulonda usiku, masana ndili ku jimu. Pulomota wina, dzina ndisunga, anabwera kudzationerera n'kundisankha. Anati R4,000 ndikangolowa m'keji, R4,000 ina ndikapambana. Anandipezeranso manijala, akuti woti aziyang'anira zanga. Pa pepalapo panali mzere wa matikiti, ndinafunsa, iye n'kuseka kuti ndi mwambo chabe, aliyense amasaina. Anandipatsa mulu wa matikiti kuti ndigulitse. Ndigulitse kwa ndani? Anzanga onse ndi alonda ndi osamalira maluwa, ndalama yawo ikangolowa imapita kumudzi.

Sabata ya ndewu ndinali kutsitsa thupi. Amene munachitapo mukudziwa: kuvala mapulasitiki, kuthamanga dzuwa lili pamutu, kulavulira m'botolo, lilime kuuma mpaka kulephera kuyankhula. Ndinakwera sikelo, ndinakwana. Usiku womwewo foni: mdani wako wadwala, tapeza wina. Winayo anali wa gulu lolemera kuposa langa, sanatsitse thupi ngakhale pang'ono. Ndinati ayi. Pulomota anati ukakana ndiye kuti waswa kontrakiti, ubweze ndalama zoyezetsa magazi ndi za matikiti onse. Manijala uja, woti aziyang'anira zanga uja, anangoti menya basi, ndi mwayi wako.

Mu raundi yachiwiri anaponya mwendo wolunjika kumutu, ndinatchinga ndi mkono wamanzere. Ndinamva kuti thyo, mkati mwenimweni. Ndinamaliza raundiyo ndi dzanja limodzi, yachitatu refa anaimitsa. Kuseri anatiika m'kachipinda kosungiramo mipando. Dokotala anandiunika m'maso ndi tochi, anagwira mkono, anati pita ukajambulitse, n'kuthamangira ku ndewu yotsatira. Ambulansi inalipo panja, koma anati ndi ya okomoka okha. Ndili pampando wapulasitiki, mkono watupa, thukuta likuzizira pathupi, pulomota analowa ndi envelopu ndi kapepala. Anayamba kuwerenga mokweza, anyamata ena akumva. Matikiti osagulidwa, achotsa. Zoyezetsa magazi, achotsa. Gawo la manijala, achotsa. Mu envelopumo munatsala R1,100. Anaiika pantchafu panga poti dzanja silikanatha kulandira, n'kundisisita paphewa kuti ndamenya ngati mwamuna.

Kochi ndiye ananditengera kuchipatala cha boma pagalimoto yake. Ndinachezera pabenchi nditavala kabudula wa ndewu, Vaseline akadali kumaso. Nesi anachita kudula mabandeji a m'manja ndi sizasi, ndipo pokoka tepi yomaliza ndinakuwa anthu onse pamzere n'kutembenuka. Fupa linali litathyoka, anaikamo chitsulo chomwe ndili nacho mpaka lero. Ntchito ya ulonda inathera pomwepo, palibe amene amasunga mlonda wa dzanja limodzi. Lendi inandipitirira, kumudzi mayi akudikira ya feteleza. Pulomota uja sanaimbe foni ngakhale kamodzi, koma kanema wa mwendo uja ankamuika pa Facebook sabata ndi sabata kuitanira anthu ku ndewu yake yotsatira. Manijalayo ndinadzamva pambuyo pake kuti ndi mlamu wake. Anthu oipa mtima, ndipo sindidzasiya kunena.

Chondipweteka kwambiri chinabwera nditachira. Pulomota wina anandifuna, ndalama yabwinopo. Woyamba uja anatumiza kalata kuti kontrakiti inaima nthawi yonse imene ndinali wovulala, ndewu zitatu zikadalipo, ndine wake. Iye osandipatsa ndewu, wina osaloledwa kundipatsa. Ndinali ngati mbuzi yomangidwa pachikhomo pomwe udzu unatha kale. Nditati ndikadandaula, anandiyankha kuti ine si wantchito wake, ndine munthu wodziimira ndekha wongochita naye bizinesi. Ndipo lamulo la ntchito la South Africa limasiyanitsadi ziwirizi: CCMA, bungwe loweruza mikangano ya pantchito, imamva milandu ya antchito, pomwe wodziimira yekha amayenera kupita kukhoti ndi loya wake. Kenako anandifunsa mwachifatse ngati mapepala anga okhalira m'dziko muno ali bwinobwino. Anali bwino, koma ndinamva chimene ankatanthauza.

Musaganize kuti izi ndi za mapulomota ang'onoang'ono okha. UFC yeniyeniyo, kampani yaikulu kwambiri ya MMA padziko lonse, omenya ake si antchito, nawonso ndi odziimira okha, alibe bungwe lowayankhulira. Ongolowa kumene ambiri amayambira pa madola 12,000 olowera ndi 12,000 ena akapambana, ndipo pomwepo achotsepo msonkho, jimu, kochi ndi manijala. Mu 2015 kampaniyo itagwirizana ndi Reebok, omenya analetsedwa kuvala zizindikiro za makampani awo owathandiza m'keji, ndalama imene ambiri ankadalira. Mu 2014 omenya ena, Cung Le ndi anzake, anakasumira UFC ku America kuti makontrakiti otsekereza amenewa akupondereza malipiro. Zikalata za kukhoti zinaonetsa kuti omenya ankalandira pafupifupi 20 peresenti ya ndalama zolowa, mwinanso osafika, pomwe mu NBA ndi NFL, maligi a basketball ndi mpira wa ku America, osewera amatenga pafupifupi theka. Mlanduwo unatenga zaka khumi, UFC n'kuvomera kulipira madola 375 miliyoni. Kampani yomweyo mu 2025 inasaina ndi kampani ya TV ya Paramount mgwirizano woonetsa ndewu wa madola 7.7 biliyoni wa zaka 7. Ankhonya ku America ali ndi lamulo la Ali Act la mu 2000 lomwe limaletsa munthu mmodzi kukhala pulomota ndi manijala wako nthawi imodzi, koma lamulolo silikhudza MMA.

Taonani Francis Ngannou, amene anali ngwazi ya UFC ya gulu lolemera kwambiri. Mu Januwale 2022 anamenya Ciryl Gane bondo lili lovulala, n'kuteteza lamba wake. Pokambirana kontrakiti yatsopano anapempha inshuwalansi ya zaumoyo ya omenya, ufulu wokhala ndi makampani owathandiza, ndi munthu woimira omenya pa zokambirana za kampani. Sizinatheke. Mu Januwale 2023 anachoka lamba ali naye, kenako anapita ku PFL, kampani ina ya MMA, ndipo mu Okutobala chaka chomwecho anamenyana nkhonya ndi Tyson Fury ku Riyadh. Chinamutulutsa ndi chiyani? Kontrakiti yake inali ndi malire a zaka, inafika potha. Ngati ngwazi ya dziko lonse inapulumukira pa mzere umenewo, mphwanuyo angasaine bwanji pepala lopanda tsiku?

Ndiye pitani naye nokha kwa pulomotayo. Tsiku lothera lilembedwe, chaka chimodzi kapena miyezi 18, ndewu zachitika kaya sizinachitike. Alembe kuti akapanda kumupatsa ndewu pakatha miyezi ingapo, mwanayo ndi womasuka. Mzere woti kontrakiti imaima akavulala aufufute, akakana auikire malire. Ndalama yolowera ikhale yake akangokwera sikelo n'kukwana, mdani abwere asabwere, ndipo mdani akasinthidwa akhale ndi ufulu wokana popanda chilango. Za chipatala zilembedwe ndi dzina la kampani ya inshuwalansi, osati pakamwa, ndipo mufunse ngati imalipiranso akavulala ku jimu, chifukwa ambiri amavulalira komweko. Matikiti akhale a komishoni, asakhale ngongole. Manijala adzipezere yekha, asalandire wopatsidwa. Ngati ali kunja kuno, aonetsetse kuti pemiti yake ikumulola kulandira ndalama ya masewero, kuti wina asadzamuopseze nayo. Loya wongowerenga masamba ochepa sadula ngati opaleshoni ya mkono.

Komabe ndewu ya mwezi wamawayo asaitaye ayi. Ndikudziwa kuti ndanena zambiri, koma mu masewero amenewa ukakhala pansi palibe amene amakuona, ndipo mapulomota amadziwana, ukatchuka kuti ndiwe wovuta foni imasiya kulira. Dricus du Plessis anadutsa mu EFC, kampani ya MMA ya kuno ku South Africa, asanakatenge lamba wa UFC kwa Sean Strickland mu Januwale 2024. Themba Gorimbo wa ku Zimbabwe anadutsanso mu EFC, ndipo anafika pa ndewu yake ya UFC mu Meyi 2023 ali ndi madola 7 okha ku banki, n'kupambana. Pano PFL Africa inayamba, ndewu zake zoyamba zinachitikira ku Cape Town mu Julaye 2025, ndipo akufuna anyamata amene ali ndi mbiri ya ndewu papepala. Popanda kumenya mbiriyo aipeza kuti? Apemphe kuti ya mwezi wamawayo ikhale kontrakiti ya ndewu imodzi yokha. Pulomota akakanitsitsa, bola apeze tsiku lothera ndi za chipatala, zinazo apirire, asaine, akamenye. Ine ndikanakhala ndi mkono wabwino bwenzi ndikulowabe m'keji, ngakhale kwa munthu ngati yemwe uja.

Tsiku la sikelo mukakhale pomwepo inuyo achimwene, kope la kontrakiti lili m'thumba mwanu. Ndipo ikatha ndewu envelopu mukalandire ndinu, muwerenge ndalamazo pulomotayo asanatuluke m'chipindamo, chifukwa mwanayo nthawi imeneyo mutu udzakhala ukuzungulira, sadzatha kutsutsa chilichonse.