Kagalu kanu si kamwano, thupi lake silinakhwime

Achemwali, mwati kagalu kanu ka mtundu wa Jack Russell ka masabata 10 kakungokodza m'nyumba ngakhale mumakatulutsa m'mawa, masana ndi madzulo, ndipo abambo akunyumba ayamba kunena kuti kalawe chikwapu kuti kamve. Chonde, musakamenye. Katatu pa tsiku n'kochepa kwambiri kwa kagalu ka msinkhu umenewo, ndipo vuto lagona pamenepo.

Taganizirani kumene kachokera. Masabata atatu oyambirira, mwana wa galu satha n'komwe kukodza kapena kuchita chimbudzi payekha. Make ndiye amamunyambita kumimba ndi kumunsi kuti zituluke. Ndiye kanuko sikanathe ndi miyezi iwiri yomwe chiyambireni kudzithandiza kokha. Chikhodzodzo chake n'chaching'ono, chimadzadza msanga, ndipo minofu yotseka njira ya mkodzo ikadali yofooka. Pamene kakumva kuti mkodzo wabwera, ndiye kuti wayamba kale kutuluka. Tiagalu tambiri timayamba kusunga mkodzo bwinobwino tikafika miyezi 4 mpaka 6. Oweta agalu ali ndi kawerengedwe kosavuta: tengani miyezi ya kagaluko, muwonjezerepo 1, amenewo ndi maola amene kangapirire. Kanu ndiye kuti maola 3, koma amenewo ndi malire, kakakhala kali phee kapena kali mtulo. Kakakhala maso, kakuthamangathamanga, katulutseni ola lililonse.

Kupatula wotchi, pali nthawi zina zimene simuyenera kudikira. Kakangodzuka, kaya katulo kanali ka mphindi 20 zokha, kanyamuleni mupite nako panja kasanaponde pansi. Kakamwa madzi, chimodzimodzi. Kakatha kusewera ndi ana, chimodzimodzi. Kakadya ndiye musachedwe, chifukwa chakudya chikalowa m'mimba, matumbo amayamba kukankha zakale, ndipo chimbudzi chimabwera pakati pa mphindi 5 ndi 30. Popeza kagalu kotere kamadya katatu kapena kanayi pa tsiku, mwaona kale kuti maulendo apanja achuluka bwanji. N'chifukwa chake ine sindigwirizana ndi zosiya mbale ya chakudya pansi tsiku lonse. Mukadziwa nthawi imene kadya, mudziwanso nthawi imene kafune panja. Mkaka wa ng'ombe musakapatse, umatsegula m'mimba tiagalu tambiri, ndipo kotsegula m'mimba simungakaphunzitse kanthu.

Palinso nkhani ya mtundu wake. Agalu ang'onoang'ono monga Jack Russell, Maltese ndi Chihuahua matupi awo amagaya chakudya mofulumira poyerekeza ndi kukula kwawo, pomwe chikhodzodzo n'chochepa, choncho ngakhale atakula amafuna panja pafupipafupi. China chimene ndinadzionera ndekha n'chakuti kamkodzo kawo n'kochepa, kamauma kuseri kwa sofa inu osadziwa. Kanga, kamene ndinakalera kuno ku Mabvuku mumzinda wa Harare, kanatha masabata awiri kakukodza kuseri kwa kabati ine ndikukayamikira kuti kaphunzira. Galu wamkulu akalakwitsa mumaona pomwepo, koma kakang'ono kamazolowera inu musanazindikire.

Ndipo malo amene kakodzapo kale kamabwererapo, chifukwa mphuno ya galu imamva fungo limene ife timayesa kuti latha. Kukolopa ndi madzi okha sikukwanira. Pukutani kaye ndi nsanza kapena nyuzipepala, kenako tsukani ndi viniga wosakaniza ndi madzi. Mankhwala otsukira okhala ndi amoniya apeweni, chifukwa kwa galu amanunkha ngati mkodzo, ndiye muli ngati mwakaikira chikwangwani choti pano ndi pachimbudzi.

Panja sankhani malo amodzi, makamaka pa kapinga kapena padothi pakona ya mpanda, ndipo muzipita nako komweko nthawi zonse. Imani nako, musangokakankhira kunja n'kutseka chitseko. Kakamaliza, kayamikireni nthawi yomweyo ndi mawu okoma ndi kachidutswa ka chakudya. Mukadikira mpaka mulowe m'nyumba, kaganiza kuti mphotoyo ndi yolowera m'nyumba. Mukaona kayamba kununkhiza pansi, kuzungulirazungulira kapena kusiya masewera mwadzidzidzi, thamangani nako.

Abambo muwafotokozere mwaulemu zimene chikwapu chimachita. Kagalu sikatha kugwirizanitsa kumenyedwa kwa tsopano ndi mkodzo wa mphindi 10 zapitazo. Chimene kamaphunzira n'chakuti kukodza munthu akuona n'koopsa. Mapeto ake kamakana kudzithandiza panja inu muli pomwepo, n'kukabisala kunsi kwa bedi. Kukakhutiza mphuno pamkodzo nakonso n'kungokazunza.

Usiku ndi wovuta, sindinama. Tcherani alamu pafoni mudzuke kamodzi kapena kawiri, ndipo kazigona m'bokosi kapena pamalo ochepa pafupi ndi inu, poti galu sakonda kuipitsa pogona pake ndipo kadzalira kukudzutsani. Ine ndinazichita mu June, chisanu cha ku Harare chija chili pachimake, nditafunda bulangete pakhonde 2 koloko usiku, koma zinatha pasanapite nthawi. Madzi mukhoza kuchotsa kukatsala maola awiri kuti mugone, koma masana, makamaka kotentha kwa October, musakamane madzi pofuna kuchepetsa mkodzo. Ngati nonse mumakwera kombi m'mamawa kupita kutauni n'kubwera kutada, pezani munthu woti azikatulutsa, apo ayi katchingireni pakona poyala nyuzipepala kutali ndi pogona pake, ngakhale njira imeneyi imachedwetsa maphunziro.

Panja ndikunena pano ndi mkati mwa mpanda wanu. Kumsewu kasapite kaye mpaka katamaliza katemera wa parvo (matenda oopsa a agalu osanzitsa ndi kutsegula m'mimba), amene amatha kakafika masabata ngati 16, ndipo wa chiwewe ndi pa miyezi itatu. Mukaona kakukodza timadontho pafupipafupi, kakudzikakamiza kapena kulira pokodza, kapena mumkodzo muli magazi, imeneyo si nkhani ya maphunziro ayi. Chikhodzodzo chikhoza kukhala ndi matenda, pitani nako kwa avetenale kapena ku SPCA, bungwe losamalira ziweto, tsiku lomwelo.