Flash Siisunga Zikalata Mpaka Kalekale

Mayi wina wa ku Monkey Bay wafunsa ngati mtima wawo ungakhale m'malo popeza mwana wawo wamkazi, yemwe ali mu Fomu 3, wasunga zikalata zake za sukulu pa flash, komanso ngati chidwi chimene mwanayo ali nacho pa makompyuta chingadzamupezetse ntchito.

Mayi, flash si nkhokwe yoti munthu n'kusiyamo zinthu zaka zambiri osaziyendera. Imasunga uthenga m'timphamvu ta magetsi totsekeredwa m'tizipinda ting'onoting'ono, ndipo timphamvuti timatha pang'onopang'ono, makamaka kukamatentha monga mmene kumachitira kuno ku Mangochi mu Okutobala ndi Novembala. Hard disk, chipangizo chosungira uthenga mu kompyuta, nayo imawonongeka ikagwa chifukwa mkati mwake muli mbale zozungulira, pamene CD yojambulidwa kunyumba imafooka ndi dzuwa kapena chinyezi. Choncho zikalatazo zikhale m'malo atatu: pa flash, pa imelo kapena Google Drive (malo osungira mafayilo pa intaneti), ndi pepala lenilenilo losungidwa pouma, pakuti olemba ntchito amafunabe kuona satifiketi yeniyeni ya MANEB. Kamodzi pachaka mwanayo azitsegula mafayilowo n'kuwakopera pa chipangizo china.

Zipangizozi zimalakwitsa kawirikawiri, koma ife sitizindikira chifukwa pali masamu amene amakonza zolakwikazo. Mu 1950 Richard Hamming wa ku Bell Labs, ku America, anafalitsa njira yowonjezera manambala ochepa pa uthenga kuti kompyuta izidziwa pamene palakwika n'kukonza yokha. Mu 1960 Irving Reed ndi Gustave Solomon anatulukira njira ina yamphamvu, imene imachititsa kuti CD yokandika iziimbabe ndiponso kuti QR code (kachithunzi ka timadontho kowerengedwa ndi foni) yofufutika pang'ono iziwerengekabe. Masamuwa ali ndi malire ake. Zolakwika zikachulukitsa, fayilo imatayika ndithu.

Kunena za ntchito, mabanki, makampani a mafoni ndi zipatala amafuna anthu odziwa kusunga ndi kuteteza uthenga, ndipo maphunziro ake amapezeka ku UNIMA ku Zomba, ku MUBAS ku Blantyre, ku MUST ku Thyolo ndi ku Mzuni. Chimene chimandidetsa nkhawa n'chakuti ana ambiri okonda mafoni amathawa masamu, pamene maphunzirowa amafuna munthu wokhoza bwino masamu pa MSCE. Ngati mwanayo akuvutika nawo, kambiranani ndi aphunzitsi ake teremu ino, asanalowe Fomu 4.